Kaputeni wa Chombo cha Thanki

A Langford Sakala anagwira ntchito ku njanji kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitadzaza mutu, osakangana ndi munthu. Ntchito imene inadzautsa mapokoso pa banja anaigwira atapuma kale, ndiponso inali yaulere. Anasewera mu filimu.

Mwini filimuyo anali mphwawo Boyd, mwana wa mlongo wawo, bambo wa ana awiri amene amakonza mafoni ku Nakoli koma mutu wake uli ku nyenyezi. Nkhani yake inali yakuti anthufe sitinayambire pansi pano. Kalekale chombo cha zolengedwa za kumwamba chinawonongekera pa Kabwe, eni ake nkusiya ana awo pamtetete akuti akukafuna zitsulo zokonzera, ndipo anawo ndiwo anaberekana mpaka kukhala ifeyo. Tsopano kaputeni wa chombo wabwera kudzatenga zidzukulu. Kaputeniyo anali a Langford, nkhope itapakidwa zoyera mbuu, sefa yachitsulo ili kumutu.

Filimu isanathe kujambulidwa a Langford anadwala, shuga yemwe uja ankawavuta kale, ndipo sanadzukenso. Boyd analumikiza zidutswa zimene zinalipo nkuzisiya mu laputopu. Mkazi wa malemu, Exildah, sanafune kuionera chaka chonse cha maliro, poopa kuti mtima umuphulika. Komabe ankadziwa kuti penapake mu Kabwe momwemu muli kabokosi kamene mwamuna wake akuyankhulamo, akutsokomolamo, akusekamo, ndipo kudziwa kokhako kunkamugonetsa tulo. Zithunzi za pakhoma zinalipo, inde, koma chithunzi sichiyankhula. Mawu a Langford anatsala mu filimu mokhamo.

Chaka chitatsala pang'ono kukwana, banja likukonzekera kuvundukula chiliza, kunyumba kwa Exildah ku Makandanyama kunafika a Febian, akulu awo a malemu, atatsogoza Boyd ngati mkaidi. A Febian anapuma ntchito ya uwoda ku ndende ya Mukobeko, koma uwodawo sunapume mwa iwo. Anali munthu wosita ndi kampango ka m'thumba komwe, wokhala pa mpando ngati wameza ndodo. Kuipa mtima sanali oipa ayi, maliro a mng'ono wawo anawayendetsa okha osadandaula. Vuto lawo linali limodzi basi: kuseka ankakuona ngati kuphwanya lamulo.

"Mulamu, nabwera na nkhani imozi chabe," anatero atakana tiyi. Analoza Boyd ndi chibwano. "Chija chintu anapanga uyu. Pa Chiweru tikachoka kumanda azabweresa laputopu yake, azachifafaniza ine nili kuona na maso yanga."

Exildah anafunsa mwaulemu, "Ba mulamu, mwaitamba filimu yamene iyo?"

"Naona chithunzi pa foni ya bazukulu. Chakwana. Muntu mukulu, tcheyamani wa bazibambo ku tchalitchi, na sefa pamutu! Bantu baiwale vonse vabwino vamene anachita, bazikumbuka chabe sefa? Elo namvela ati ikamba kuti sitinalengedwe na Mulungu."

"Malume, ni nthano chabe," Boyd anayesa kulowererapo. "Na ba Fada baziba."

"Iwe nakufunsa?"

Mayi ake atamwalira, Boyd analeredwa ndi a Febian omwewa, ndipo ngakhale tsopano ali ndi ndevu, mawu awo ankamubweza ku giredi wanu. A Febian anaimirira, nkukonza kolala. "Langford sazankala chosekesa cha Kabwe yonse. Nakamba, nasiliza."

Atatuluka, Boyd anatsalira pakhomo ngati wofuna nsapato. "Ba anti," ananong'ona, "nizakopela pa fulashi. Sibazaziba."

"Kuti nizitamba mwamuna wanga mobisala monga ni mwamuna wa bene?" Exildah anamuyang'ana mpaka mnyamata wamkuluyo anawerama. "Ine ninakwatiwa pa guwa, masana, bantu bali kuona. Yenda."

Anatsala yekha ali ndi ukali wosadziwa pokautula. Kuwayankha alamu ake pamaso sakanatha: mkazi wamasiye amene chaka sichinakwane sakweza mawu pa abale a mwamuna, ndipo a Febian akati ayi, ngakhale abishopu abwere. Chimene chinkamupweteka kwambiri nchakuti anthu ankawakumbukira a Langford molakwika. Pa maliro aliyense ankati anali munthu wofatsa, wodekha, wa ulemu. Wofatsa uti? Bambo amene ankavina ndi tsache pa khonde, amene ankaitana nkhuku ndi wenzulo ya ku njanji! Anthu ankafuna kumuika Langford wina pansi pa chiliza, ndipo weniweniyo ankafuna kumufafaniza Loweruka.

Mmawa mwake anavala chitenje chake chakuda nkuyenda wapansi mpaka ku msika wa ku Nakoli, kwa Bana Mubanga ogulitsa nsomba zouma.

Pano ndiyenera kufotokoza pang'ono. Abemba ndi anthu a kummawa, monga a Sakala ochokera ku Petauke, ali pa chibale cha nthabwala chimene amati chimbuya. Mbuya wako akhoza kukutukwana pa gulu, kukupaka ufa kumaso utavala suti, kukulanda mpando, iwe osakwiya. Ukakwiya wachita manyazi ndiwe. Pa maliro ndi pa chikumbutso ndiye penipeni: tsikulo ndi la ambuya, amalamula khitchini, amanyoza malemu, amaseketsa olira, ndipo kunyozako ndiye ulemu wake. Bana Mubanga, Mbemba wa ku Kasama wa thupi lodzaza khomo, pa zimenezi anali katswiri. Pa maliro a Langford, mayiyu anagogoda bokosi akuti, "Uka iwe, sitima yachedwa," mpaka Exildah anaseka misozi ili mbwembwembwe.

"Bushe mbeba zasila ku Makandanyama kuti ubwere kufuna nsomba?" anamulonjera motero.

"Nabwera kuona ngati mukali kugulisa bakolwe boyanika," Exildah anabweza, chifukwa Abemba amanyozedwa ndi anyani monga a kummawa amanyozedwera ndi mbewa. Kenaka anakhala pa thumba la kapenta nkufotokoza zonse.

Bana Mubanga anasiya kuingitsa ntchentche. "Nomba ufuna nichite chani?"

"Siku ija ni yanu, ba mbuya. Chamene mwagwira imwe palibe angakulandeni. Gwirani laputopu, muitambise bantu bonse."

"Koma ine nizaseka, mbuya. Sinizakunama. Ngati ni yoipa nizakamba ati ni yoipa."

"Ndiye chamene nifuna. Bakaseka bena ni manyozo. Mukayamba imwe, ba mulamu bazakwiyira ndani?"

"Nanga ngati ni yoipa zoona? Ba woda bazakamba ati mwaona."

Filimuyo Exildah nayenso anali asanaione. Anabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, akudzifunsa ngati sakukonza yekha tsiku lochititsa manyazi mwamuna wake.

Loweruka zonse zinayenda monga a Febian anakonzera: Misa, ulendo wa kumanda, nsalu yoyera kuchotsedwa pa chiliza, maluwa, nyimbo. Dzuwa litafika pamutu khamu lonse linabwerera ku holo ya parishi kukadya. Anthu ali mkati mosamba m'manja, a Febian anakodola Boyd kuti apite naye pakona. Boyd anatulutsa laputopu m'chikwama ngati munthu wopereka mbuzi yake kwa wopha.

Sanaitsegule nkomwe. Bana Mubanga anatulukira kumbuyo kwawo ndi gulu la amayi achibemba, beseni la ufa lili m'manja. Dzanja limodzi linapaka a Febian kuyambira pamphumi mpaka pa tayi, linalo linatsomphola laputopu. Asanaphethire, mayiyo anali ataibereka kumbuyo ndi chitenje ngati khanda, akuisisita.

"Bana Mubanga," a Febian anayankhula mano ali okukuta, "iyi ni nkhani ya banja."

"Banja iti? Lelo mulibe banja imwe, muli na ise. Namvela ati mbuya wanga anayenda kumwamba akalibe kufa. Nifuna nione ngati anapezako mbeba."

Holo yonse inagwa ndi phwete. A Febian anayang'ana uku ndi uku, nkhope ili mbuu. Munthu amene anaopedwa ndi akaidi a milandu yoopsa anaima ngati mwana wotayika pa siteshoni. Kukwiya sakanatha, anthu onse a ku Petauke anali pompo akuwayang'ana. Anakhala pansi, nkupinda manja. Maso awo anakumana ndi a Exildah, ndipo Exildah anayang'ana m'mbale yake mwa ulemu wonse.

Achinyamata a parishi anathamangira pulojekita. Amayi anavula zitenje za pamwamba nkutchinga mawindo, nsalu ya pa tebulo nkukhala sikirini. Exildah anakhala kutsogolo, atafunda shawelo yakuda.

Tinene zoona, chiyambi chake chinali chomvetsa chisoni. Panatuluka mawu akuti zimenezi zinachitika dziko lisanakhale ndi anthu, kenaka chombo chinaoneka chitaima pa udzu, utsi ukufuka pansi pake.

"Iyo ni thanki ya parishi!" anakuwa mayi wina kumbuyo.

Inalidi thanki ya madzi ya kuseri kwa holo yomweyo, ataikuta ndi mapepala onyezimira a m'mapaketi a tiyi, paipi yake ikudontha monga mwa masiku onse. Anthu asanapume, kuchokera patali mu filimumo munamveka kondakitala wa minibasi akuitanira, "Tauni! Tauni! Wamozi chabe!"

"Mwaona?" anatero a Laban, Mbemba wokalamba amene ankayendetsa sitima nthawi ya a Langford. "Mulungu akalibe kulenga Adamu, ma minibasi yanali kale pa lodi."

Zolakwika zinabwera motsatizana ngati ngolo za sitima ya katundu. Zolengedwa za kumwamba zinavala mapatapata. Nkhuku inadutsa pakati pa nkhondo. Mtsikana wamkulu wa mu nkhaniyo anayamba ali Vivian, wamfupi woyera, koma Vivian anakwatiwa ku Ndola filimu ili pakati, ndiye anangosanduka Charity, wamtali wakuda, popanda wofotokoza.

"Uyu mwana akula bwino," Bana Mubanga anayamikira. "Bamudyesa chani?"

Ndiye panabwera Given, mnzake wa Boyd, atavala jasi loyera la ku butchala ngati wasayansi, nkuima pa bolodi kufotokoza za magazi a anthu ndi fumbi la nyenyezi. Anafotokoza, nkufotokozanso. Ena anapita kukataya madzi nkubwerera, iye akadali pa bolodi. A Laban anafunsa funso limene aliyense anali nalo: anthu odziwa kuwoloka nyenyezi angatenge zaka zonsezo kufuna sipeya imodzi? Anadziyankha okha kuti makanika wake ayenera kuti anali wa mu Kabwe momwemu.

Boyd anali atabisa nkhope m'manja. Exildah ankaseka nawo, koma ankaonanso msana wa a Febian ukuumirauma. Ankadziwa chimene ankaganiza: si izi ndinkanena?

Kenaka chithunzi chinasintha. Boyd anakajambulira ku milu ya miyala yakuda ya ku mgodi wakale, mmawa kusanatenthe, nkhungu ili pansi. Malo amene aliyense mu holomo anawadutsa kambirimbiri osawayang'ana anaoneka ngati dziko lina ndithu, lopanda mtengo, lopanda mbalame. Ana amene ankathamangathamanga anaima. Pamwamba pa mulu panatulukira munthu, akutsika pang'onopang'ono, phewa lamanzere litatsika, mwendo umodzi ukukokera kunja monga amayendera anthu amene anakulira kulumpha njanji.

Exildah anagwira pakamwa. Anali ataiwala kuti sefa iliko.

Kaputeni anafika pamaso pa anthu a pansi pano, nkuimba wenzulo, nkukweza kambendera kobiriwira. Zimenezo Boyd sanalembe, anazibweretsa okha a Langford. Anatsokomola kawiri, monga ankachitira asanayambe pemphero la chakudya.

"Bokwera bonse," anatero mawu aja, mawu enieni aja, "tipempako chikhululukiro pa kuchedwa kwa chombo."

Akuluakulu a ku njanji anaphulika ndi kuseka, a Laban mpaka kumenya ndodo pansi. Koma kusekako kunali kwina tsopano, kwa anthu amene akumana ndi mnzawo pa msewu. Exildah misozi inkangotsika, osaipukuta. Ankamva chimwemwe choopsa, chonga ululu.

Mu filimumo Charity anaima kutsogolo kwa anthu nkukana kukwera. Anati kumwambako sakudziwako, chinenero cha kumeneko anaiwala, ndipo amayi ake ndi agogo ake agona m'dothi lomweli. Kaputeni anamuyang'ana nthawi yaitali. Anavula sefa ija, nkukhala pa mwala ngati munthu amene miyendo yamuthera.

"Tinakamba ati tibwera manje manje," anatero motsitsa. "Mwavutika, bana banga?"

Mu holo munalibe ngakhale wotsokomola. Mphepo inkawomba mu maikolofoni ya Boyd, phuu phuu, cholakwika china chimenecho, koma palibe anachitchula.

"Ngati simukwera," kaputeni anapitiriza, "ine kuja nizakakamba chani? Nizabwerera na ndani?"

Anaimirira, nkutola sefa yake, nkuyang'ana kumene kunali chombo. Pomwepo sikirini inada bii, mayina nkuyamba kukwera. Filimu inathera pamenepo, chifukwa sabata imene ankayenera kujambula kaputeni akubwerera yekha ku chombo ndi imene a Langford anagonekedwa m'chipatala.

Woyamba kusuntha anali Bana Mubanga. Anamina m'mphepete mwa chitenje mwaphokoso, maso ali psuu, nkuimirira kuti agwire ntchito yawo.

"Awe mwandi," anatero, "ine nakamba kale kuti sininama. Filimu ya bakum'mawa ni so chabe. Chombo ni thanki. Mukazi asintha nkhope monga mfwiti. Wasayansi atipaya na njala. Elo chombo sichinanyamuke nkomwe, monga sitima zamene anali kugwirako mbuya wanga. Ba woda benze na nzeru. Boyd, leta, nifafanize neka vamanyazi ivi."

Exildah anatembenuka. Zimenezi sanapangane.

"Imwe Bana Mubanga."

A Febian anali ataimirira. Ufa unali utachita mizere iwiri kutsika m'masaya, ndipo sanadziwe kuti anthu akuiona.

"Imwe muziba kutamba filimu olo muziba chabe kutamba bakolwe mu mitengo?"

Anthu a ku Petauke anakuwa ndi chimwemwe. Aka kanali koyamba m'mbiri ya parishi kumva a Febian akubweza chimbuya.

"Thanki ni thanki, navomera," anapitiriza, mawu akukwera. "Given afunika kumangiwa, na ine ningamuvalile selo neka. Vija vinkhuku na mapatapata ni ulesi wa uyu Boyd. Koma paja pa mwala mwaona olo munali kugona? Munamuonapo ndani mu ma filimu yanu ya bazungu wamene ankala pansi so? Ija si sewero. Ija ni nkhani yatu."

Anaima kaye, akufuna mpweya. Atayambanso sanalinso kuyankhula ndi Bana Mubanga.

"Batate banachoka ku Petauke na kabokosi kamozi, ati niyenda chabe kusebenza ku mugodi, nizabwera manje manje. Banatiitana ise, ati tinkale pang'ono, tizabwerera kumunzi. Bali kuti lelo? Bagona kuja kwamene tachoka kuseni. Bagogo banabwera kuzatitenga chaka china, ine na Langford tinabisala ku ma wagoni, tinakana. Banankala pa mwala panja pa nyumba, so chabe, chisote mu manja. Ine ninaiwala. Uja sanaiwale." "Bantu ba kumwamba ni ise. Ndiye chamene akamba mufana wanga. Manje imwe mukuti vamanyazi?"

Bana Mubanga anadikira mpaka mawu omaliza atagwa pansi. Kenaka anafunsa mofatsa ngati mwana wa Sande sukulu. "Nomba ba woda, filimu yabwino so, ni ndani uja anali kufuna kuifafaniza?"

A Febian anayang'ana Bana Mubanga, anayang'ana Boyd, nkumaliza ndi mlamu wawo, amene ulendo uno sanayang'ane m'mbale. Anazindikira kuti alowa okha mu selo nkudzitsekera. Ndipo chinthu chimene Makandanyama sanachionepo chinachitika: mapewa awo anayamba kugwedezeka, ufa nkumathothoka pa suti, mpaka kuseka kunawatulukira m'mphuno.

"Boyd," anatero akupukuta m'maso, "ukaifafaniza nizakumanga."

Nthungululu imene inalira mu holomo inamveka mpaka ku msewu wa minibasi. Exildah ndiye anaiyambitsa, mkazi wamasiye amene chaka chonse ankayankhula monong'ona. Anavula shawelo yakuda nkuiponya m'mwamba, Bana Mubanga nkumunyamula ngati thumba la makala. A Laban ankaimba mluzu ndi zala. Amayi a kwaya anayambitsa nyimbo, achinyamata akukuwa kuti ibwerezedwe, ena akuti ikaonetsedwe ku Nakoli, ena ku Mukobeko. Exildah ankamva kupepuka ngati watula mtolo wa nkhuni umene anausenza kuchokera kumanda chaka chatha. Anapambana, ndipo anapambana masana, anthu akuona.

Phokoso lili mkati, a Febian anatembenuka kupita kukhomo kuti akasambe kumaso. Boyd anawayang'ana kumbuyo, nkugwira mkono wa Exildah.

"Ba anti, onani musana."

Exildah anaona. Khosi lomwelo, makutu otambalala omwewo, kadazi komweko. Abale awiriwa kumaso sankafanana, koma kumbuyo anali munthu mmodzi.

"Malume," Boyd anaitana, mawu akunjenjemera ndi mantha a zaka zonse. "Pasala chabe sini imozi. Kaputeni ayenda ku chombo. Nkhope sizaoneka."

A Febian sanapatsidwe mpata woyankha. Bana Mubanga anali atatuma kale mtsikana ku khitchini ya parishi, ndipo sefa inafika ikadali yonyowa. Anawaveka okha, nkuwonjezera ufa pakhosi kuti kuyera kufanane. Khamu lonse linakhamukira kuseri kwa holo kumene thanki inaima pa dzuwa, ikudontha. Boyd anakweza foni, nkupempha anthu kuti akhale chete, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wake analamula malume ake.

"Yendani."

A Febian anayenda. Chifuwa patsogolo, manja akuponyedwa, mapazi akumenya pansi ngati pa perete ya ku ndende.

"Awe!" anthu anakuwa pamodzi. "Uyo ni woda!"

Anabwerera nkuyesanso. Ulendo uno anatsimphina ngati wobayidwa ndi minga, ana nkugubuduka ndi kuseka. Kachitatu anayamba bwino, nkuima pakati pa njira. Anakhala chiimire, atapatsa anthu msana, sefa ili kumutu. Kenaka anatembenuka nkubwera kwa Exildah, nkuwerama kuti ena asamve.

"Mulamu," anatero, ndipo mawu awo anali aang'ono, "anali kuyenda bwanji? Namuona manje manje apa, koma chanitaika. Chaka chimozi chabe, niyamba kumuiwala."

Exildah anawagwira dzanja, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwire pa banjali.

"Palibe kanthu, ba mulamu. Aliko." Anakweza mawu kuti onse amve. "Boyd, yasha futi filimu. Bwezera paja atsika pa mulu."

Ndipo khamu lonse linatembenuka kubwerera mu holo, a Febian ali patsogolo, kukaona mmene Langford amayendera.